Nkhuku Zanga Pamaliro a Eni

Lolemba

Ndadzuka ndi nyimbo pakamwa. Nkhuku zanga zakwana! Zonse 32, zoyera mbee, zonenepa moti zina zikungoyenda pang'ono n'kukhala pansi. Ndaziwerenga, kenako ndaziwerenganso chifukwa chongosangalala.

Ndilembe bwinobwino kuti mutu usasokonezeke.

Vuto: kosi ya uphunzitsi ndinamaliza zaka ziwiri zapitazo, koma satifiketi yanga idakali m'kabati kukoleji. Ndinatsala ndi ngongole ya fizi, K3,500. Ati lipira kaye. Zaka ziwiri zonsezi ndikuphunzitsa ana a anthu matuishoni pakhonde, makolo awo n'kumandilipira mbatata ndi mawu akuti "tionana mwezi ukatha".

Vuto lina pamwamba pa vutolo: boma likulemba aphunzitsi. Mapepala akufunika Lolemba likubwerali, ndipo wopanda satifiketi samuyang'ana n'kumaso komwe. Ndikaphonya, ndidikira chaka china, mwinanso ziwiri, pakhonde pomwepa.

Mankhwala ake: nkhuku. Ndalama yanga yonse ya chilimba, ija timasonkherana ndi anzanga mosinthana, ndinaikwirira mu anapiye ndi chakudya chawo. Kuyambira pamenepo ndakhala mayi wa nkhuku. Mbaula, madzi, utuchi, fungo mpaka m'tsitsi. Mafuta odzola ndinasiya kugula.

Pulani:
- Lachitatu, 15 kwa amayi Daka, a lesitilanti ya pafupi ndi siteshoni ya mabasi. Kashi.
- Lachisanu m'mawa, 12 kwa amayi Mwanza, mwana wawo ali ndi kicheni pate, phwando la mkwatibwi, Loweruka. Kashi.
- 27 pa K130 imodzi, ngongole yafa.
- Lachisanu masana, ine kukoleji nditavala diresi ya kutchalitchi.
- Zisanu zotsala ndi zanga. Imodzi ndidzaidya ndekha, chitseko chotseka.

Malamulo: palibe ngongole. Palibe "ndine m'bale wako". Palibe "chotsaniko ka K10, Madamu".

Amayi Zulu, eni nyumba ino ya ku Nabvutika, ndiwo anandilola kumanga khola kuseri kwa nyumba. Lero aima pakhola manja ali kumbuyo, ati, "Mwana wanga, uli ndi dzanja." Ndatupa ndi chimwemwe.

Bana Chanda, mayi wachibemba wa nyumba yoyandikana nafe, amene timanyozana nawo mwachimbuya, asuzumira pampanda: "Mbuya! Wodya mbewa waweta nkhuku? Dziko latha!" Ndawauza kuti akazolowera anyani nkhuku ingawapweteke m'mimba. Taseka tonse. Lero ndiseka chilichonse.

Lachiwiri

Chakudza sichiyimba ng'oma.

Ndili m'khola kuthira madzi, ndingomva mfuu m'nyumba yaikulu. Ndithamanga. Amayi Zulu agwa pakhonde, foni ili m'manja. Achimwene awo, a Gilibati, amwalira ku Kitwe. Anapita kumigodi ine ndisanabadwe, sindinawaonepo ngakhale pachithunzi. Mulungu awalandire, ndipo izi ndikunena ndi mtima wonse.

Koma maliro akhala PANO. Amayi Zulu ndiwo akulu pabanja. Anthu asonkhana pabwalo lathu kudikira thupi, likafika tikaika kumudzi kwawo kufupi ndi Tamanda.

Pofika masana:
- mipando yonse panja
- tenti kutsogolo, azibambo m'menemo
- azimayi pamphasa m'nyumba
- mafuwa ndi nkhuni kuseri

Kuseri! Kumene kuli khola langa! Mapoto atatu aakulu akuyang'anana ndi nkhuku zanga maso ndi maso.

Ndipo pakhomo pamene pali maliro sugulitsa kanthu, ngakhale machesi. Aliyense akudziwa, nanenso ndikudziwa. Ungayambe bwanji kuwerenga ndalama ndi kasitomala mayi akulira pawindo?

Chabwino. Ndine munthu wolera bwino, kwathu ku Madzimoyo sitipita pamaliro manja lende. Ndatsegula khola, ndatulutsa ziwiri, ndagwada pamaso pa amayi Zulu, ndapereka chipepeso changa. Andigwira mutu. Ndadziona kuti ndine munthu.

Chitsiru ine! Kutsegula khola azimayi onse akukhitchini akuona mkati!

Wogwira khitchini ndi Bana Chanda. Nanga angakhale ndani? Ife akum'mawa ndi Abemba ndife a chimbuya. Pamaliro athu iwo ndiwo amaphika, amaseka ofedwa, amatola chimene afuna. Chimene mbuya watola sulanda, ndipo ukakwiya walakwa ndiwe. Mwambo wabwino kwambiri, ndimaukonda ndithu, makamaka ukamachitikira anthu ena.

Madzulo kwafika akwaya. Ndikuchokera kumpopi, ndipeza Bana Chanda akusosola nthenga, zitatu zili gone pansi.

"Akwaya sangaimbe ndi kabichi, mbuya. Zako ndi zanga. Ukakwinya nkhope ulipira faindi."

Sindinakwinye. Ndamwetulira mpaka masaya kuwawa.

Zatsala 27. Ndendende zimene ndikufuna, palibe yapadera. Ya ine ndekha ija yapita ndi akwaya. Palibe kanthu, thupi lifika mawa, tikaika, bwalo liyera. Mtima khala pansi.

Lachitatu

Thupi silinanyamuke.

Ati mkazi wa malemu wakana, akufuna aikidwe ku Kitwe komweko. Amayi Zulu ati mchimwene wawo sangagone pakati pa alendo. Mafoni akungolira uku ndi uku. Anthu a pabwalo alibe nazo changu, ena abwera ndi mabulangete awo.

Amayi Daka aimba: "Nkhuku zanga zili kuti, Madamu?" Ndafotokoza monong'ona, nditabisala kuseri kwa chimbudzi. Ati pepani, koma iwo sangabwere ndi wilibala pamaliro, anthu angawaone bwanji. Ati ndizibweretse ndekha mawa m'mawa, apo ayi agula kwina, makasitomala awo sadya chifundo.

Masana kwafika lole yochokera ku Tamanda. Achibale tho! Atsika akulira, akhala pansi, apukuta misozi, ayamba kuyang'ana kumene kukuchokera utsi.

Zapita lero, ndi zifukwa zake monga andiuzira Bana Chanda:
- imodzi: amalume awo a malemu, nyemba zimawatupitsa m'mimba
- imodzi: abusa
- imodzi: amene anabwera ndi abusa
- imodzi: "imaoneka ngati ikudwala, mbuya, ndakuthandiza"

Kudwala! Nkhuku imene ndinaipatsa katemera ndi dzanja langali!

Ndalimba mtima ndapita kwa a Sakala, tcheyamani wa maliro, amene akusunga mbale ya chipepeso. Ndagwada bwinobwino. Ndayamba patali, za malemu, za nyengo, kenako ndafika pankhani: nkhuku zija ndi bizinesi, ndili ndi ngongole kukoleji, Lolemba ndi tsiku lomaliza. Andimvetsera akutokosa m'mano. Ndi nkhuku yanga imene akutokosayo.

"Maliro n'kulirana, Amadamu. Ndalama yonse ikupita ku galimoto ndi bokosi. Tidzaona zikatsala."

Ndati zikomo. ZIKOMO! Pakamwa panga pali ulemu wambiri kuposa nzeru.

Mbiri yamveka Nabvutika yense kuti kwa amayi Zulu kuli maliro a nkhuku. Maliro ena onse ndi soya ndi kapenta. Anthu akufika nthawi yake yeniyeni, mbale zikamatuluka. Bambo wina wa jekete yofiira wadya, wasamba m'manja, kenako n'kundifunsa ine kuti kodi amwalira ndani.

Zatsala 23. Masamu akukana kale. Koma ndikagulitsa zonse 23, n'kuonjezera kandalama ka matuishoni kali m'chitini, n'kugwada kukoleji, mwina. Chachikulu zituluke pabwalo pano zili zamoyo.

Chakudya chawo chatha. Ndinagula chokwana mpaka lero basi, poti lero zambiri zimayenera kukhala zitapita. Ndapempha gaga kwa Bana Chanda. Andipatsa ndi manja awiri, ati, "Zidyetse bwino, mbuya, zisaonde."

Lachinayi

Sindifuna kulemba. Ndilemba, kuti mwina tsiku lina ndidzaseke.

Mbandakucha. Azimayi akadali mtulo, azibambo akuwodzera pamoto. Ndalowa m'khola mwakachetechete, ndamanga miyendo zisanu ndi imodzi, ndaziika m'beseni lalikulu, pamwamba nsalu ya pabedi ndi zovala zakuda. Ndasenza pamutu. Munthu akupita kukachapa, cholakwika n'chiyani? Ndimati ulendo umodzi tsopano, wina pambuyo pake, mpaka za amayi Daka zikwane.

Ndadutsa mapoto. Ndadutsa tenti. A Sakala atsegula diso limodzi, ndawapatsa moni waulemu. Geti ili apo, ndikuiona.

Nkhuku zoyerazi n'zopusa, moyo wawo wonse sizilira, zimangodya ndi kugona. Lero imodzi yapeza mawu. Kweee! Yatulutsa mutu pamkono wa bulauzi yanga.

Ndipo pageti akulowa ndani, ndowa m'manja? Bana Chanda.

"Bwerani muone! Dzukani nonse! Mbuya akupita kukachapa nkhuku!"

Nthungululu! Pamaliro, m'mawa, nthungululu! Abemba anzawo atuluka ngati nyerere. Andigwadika pakati pa bwalo, andipaka ufa kumaso ndi kumutu mpaka ndayera ngati nkhuku zangazo. Mlandu wanga: kuthawitsa ndiwo za maliro. Faindi K5 m'mbale. Ndalipira. Ndalipira faindi chifukwa choba nkhuku zanga!

Bwalo lonse laseka. Choipa kwambiri n'chakuti amayi Zulu nawonso aseka, koyamba chichokereni Lachiwiri, mpaka kugwira nthiti. Pambuyo pake andiitana, ati, "Mwana wanga, wandichotsa mwala pamtima." Akuganiza kuti ndinachita dala kuti ndiwasangalatse. Tsopano ndikwiyire ndani?

A Sakala ati poti nkhukuzo n'zomanga kale, n'kuzunza ziweto kuzibweza m'khola.

17.

Amayi Daka atuma uthenga wa mawu awiri: "Ndagula kwina."

Nkhani ya ku Kitwe: agwirizana, thupi lanyamuka. Mkazi wa malemu akubwera nalo. Lifika mawa. Mawu akuti "mawa" ndayamba kudana nawo.

Masana ndalowa m'nyumba, ndakhala pamphasa pakati pa azimayi. Akwaya ayamba nyimbo ija yapang'onopang'ono. Fungo la nkhuku yokazinga likulowa pawindo. Ndakumbukira amama akuswa nshawa mpaka zala kutupa kuti ndilowe koleji, ndakumbukira kabati ija. Basi. Ndalira. Osati kulira kwaulemu kofunda chitenje, ayi, kulira kwenikweni, kwa mamina, kogubuduka.

Azimayi andizungulira. "Koma mwana uyu ali ndi mtima!" "Achibale enieni akungokhala duu, wa lendi ndiye akulira chonchi."

Gogo wina wa ku Tamanda wandiyang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako wanong'oneza mnzake, koma monong'ona mwa anthu ogontha: "Taonani mphuno. Si ya Gilibati imeneyo?"

Mayo ine. Tsopano ndine mwana wam'tchire wa munthu amene sindinamuonepo.

Lachisanu

Galimoto yafera ku Nyimba. Ati chitsulo china chathyoka, akudikira chochokera ku Lusaka. Ena ati dalaivala anaima kugula nthochi ndipo galimoto sinalirenso. A Gilibati, bambo inu, zaka zonsezi osabwera kwanu, ndipo ngakhale lero mukuzengereza?

Ndagula loko. Ndakhoma khola pamaso pa onse, kiyi ndamanga pansonga ya chitenje. Anene zimene anene. Bana Chanda angoyang'ana lokoyo, ati, "Yokongola."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndavala diresi ya kutchalitchi ija, ndatenga za m'chitini, ndapita kukoleji kukagwada.

Ku ofesi ya ndalama kuli bambo wa magalasi, waulemu ndithu. Ndafotokoza zonse: maliro, chimbuya, beseni. Pa beseni aseka, kenako apepesa. Ndapempha kuti ndipereke zimene ndili nazo, zotsala ndidzamalize ndikayamba ntchito. Ati kompyuta silola, satifiketi imatuluka ngongole ikafika pa ziro. Ndapempha kafotokope chabe. Ati nakonso ndi ziro yemweyo. Ndafunsa ngati koleji ingalandire nkhuku. Andiyang'ana pamwamba pa magalasi, ati ophunzira ali patchuthi, khitchini ndi yotseka.

Kabati ili kumbuyo kwawo, yachitsulo, yotuwa. Ndaiyang'ana ngati mmene mwana amayang'anira mabanzi m'sitolo. Ati Lolemba amatsegula msanga, ndikabwera ndi zonse andipatsa pomwepo ndithamange nayo.

Ndabwerera wapansi kuti ndisunge ya basi. Dzuwa! Fumbi! Njira yonse ndikuwerengera: 17, kuchotsa 12 za amayi Mwanza, zisanu kumsika, za m'chitini, mwina kubwereka kwa anzanga a chilimba.

Ndifika kunyumba. Loko ili bwinobwino, palibe waikhudza. Ikulendewera pachitseko. Chitsekocho chili pamwamba pa ndowa ziwiri, azimayi akudulirapo kabichi.

Achotsa chitseko chonse! Ati amasowa tebulo!

Nkhuku zili ponseponse. M'tenti, pansi pa mipando, ina yakhala pa nsapato ya abusa. Ndathamangitsana nazo ndi diresi ya kutchalitchi, ana akundithandiza mokuwa. Ndabweza 12. Zinazo ati "zinasokera kufupi ndi moto".

Komabe 12 ndi 12. Za amayi Mwanza zakwana ndendende. Mulungu sanandiiwale kotheratu, ndatero mumtima.

Madzulo afika amayi Mwanza eni ake, chitenje chakuda, kudzapepesa maliro. Alira pang'ono, apatsidwa mbale, adya. Kenako andikokera pambali.

"Madamu, nkhuku zanu n'zokoma zedi, zofewa. Koma mundimvetse. Nkhuku zogona pamaliro sabata yonse, ine n'kukadyetsa anthu paphwando la mkwatibwi? Apongozi akamva adzati ndalowetsa minyama m'banja la ana. Ukwati ukadzagwedezeka pang'ono, mlandu udzakhala wa nkhukuzi."

Ndati nkhuku sizinaone thupi, thupi lili ku Nyimba. Ati si nkhani ya kuona.

Anyamuka atakulunga ntchafu m'kapepala, ati ya mdzukulu.

Ndakwiya. Ndakwiya zedi, ndipo palibe munthu mmodzi amene ndingamuloze chala. Aliyense ndi waulemu, aliyense akutsata mwambo, aliyense wakhuta.

Loweruka

Lafika! Thupi lafika m'mawa, pa galimoto ina. Kulira kwayambiranso mwatsopano.

Pulani yomaliza, ya munthu womira: onse akakwera kupita ku Tamanda, ine nditsale ngati wosunga nyumba. Bwalo likangoyera, 12 zonse pa wilibala, kumsika, mtengo uliwonse. Kenako mawa kuzungulira anzanga onse ndi manja awiri.

Ndabisala m'chipinda changa. Lole ikulira panja. Ndikumva anthu akukwera. Pang'ono pokha, pang'ono pokha.

Gogogo pachitseko. Amayi Zulu eni ake, maso otupa, mawu atatha.

"Mwana wanga, ukhale pafupi nane lero. Miyendo yanga ilibe mphamvu."

Ukanakhala iwe ukanati chiyani? Ndatenga chitenje.

Andikweza kutsogolo. Ndikuyang'ana pagalasi, ndiona Bana Chanda akukweza dengu lalikulu kumbuyo, mitu yoyera ikusuzumira. Zisanu ndi zitatu. Ati adzukulu okumba manda sagwira khasu kukwirira asanaone nkhuku, ndiponso kumudzi kuli anthu amene sanalaweko. Nkhuku zanga zakwera lole kupita ku Tamanda. Ine ndinalephera kuzifikitsa pageti.

Msewu wa mabampu. Amayi Zulu agwira dzanja langa njira yonse, akundiuza za a Gilibati ali mwana: ankawabereka kumbuyo popita kudimba, ankaopa achule, anachoka ndi kasutikesi kamodzi atalonjeza kuti abwera pa Khirisimasi. Ndachita manyazi. Mayiyu wataya mlongo wake, ine ndikulira nkhuku. Koma manyazi atatha ndapeza kuti mkwiyo ukadalipo, wangosuntha pang'ono kuti manyaziwo akhale.

Kumanda mkazi wa malemu akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Nkhani ya mphuno yamufika. Pomwaza dothi gogo uja wandikankhira kutsogolo pamodzi ndi ana a malemu. Ndamwaza. Nanga ndikanatani, kuyamba kufotokoza za makolo anga pamphepete pa dzenje?

Kenako mawu othokoza. A Sakala aimirira, athokoza abusa, akwaya, a chimbuya, eni lole. Atsokomola.

"Ndipo mwapadera, aphunzitsi athu a pakhomo. Mtsikana uyu, popanda womupempha, anapereka khola lonse la nkhuku kuti olira asagone ndi njala. Ana a masiku ano, tengerani chitsanzo."

Popanda womupempha! Apo sananame, palibe anandipempha.

Anthu onse atembenuka. "Mmmm," azimayi akuvomereza. Bambo wina wandigwira chanza ndi manja awiri, ati sukulu imene ndikuphunzitsa ili ndi mwayi, ndi sukulu iti kodi? Ndati ndikadali kudikira. Ati, "Ndi mtima umenewu, simudikira nthawi yaitali."

Pachakudya Bana Chanda andibweretsera mbale okha. Chiwindi, nthutumba ndi ntchafu yonse. "Idya, mbuya, waonda." Sabata yonse ndakhala ndikukana kulawa, ngati kuti ndikapanda kudya ndiye kuti sizinafe. Lero ndadya. N'zokoma, zoona. Ndinaweta bwino.

Lamulungu

Bwalo lili zii. Tenti achotsa, patsala phulusa, nthenga ndi mafupa. Chitseko cha khola ndabwezera ndekha, chikununkha kabichi.

Zinayi. Zikundiyang'ana, nanenso ndikuziyang'ana.

Ku Misa sindinapite, ndazungulira anzanga a chilimba. Wina mwana akudwala, wina wagula feteleza, wina ati ndikanabwera dzana. Onse amva kale za mtima wanga wabwino ndipo andiyamikira kwambiri.

A Sakala abwera ndi "zotsala" zija:
- theka la thumba la ufa
- makabichi atatu
- makala pang'ono
- mchere wambiri

Amayi Zulu ati mwezi uno ndisalipire lendi, ndine mwana wa m'nyumba tsopano. Andikumbatira. Ndi chifundo chenicheni, ndipo ndathokoza moona. Ndawerenga zonse pamodzi, lendi, za m'chitini, nkhuku zinayi ngakhale nditazigulitsa pamtengo wa pa Khirisimasi. Sizifika ngakhale theka. Mawa anzanga akapereka mapepala awo. Ine ndili ndi ana asanu a matuishoni, tili pa matebulo a kuchulukitsa.

Basi. Chaka chamawa, ngati boma lidzalembenso.

Ndimati tsiku latha, ndimve odi pakhomo. Amama! Kuchokera ku Madzimoyo, molunjika kuchokera kutchalitchi, nsapato zili mbuu ndi fumbi, kanthu kokulunga m'chitenje kali kukhwapa. Ndinaiwala kuti mwezi watha ndinadzitama pafoni kuti sabata ino ikamatha pepala lidzakhala m'manja.

Akhala pamphasa, amwa madzi, amasula chitenje pang'onopang'ono. Fulemu. Yagalasi, m'mbali mwake mwagolide, mtengo ukadali pakona. Ati anagulitsa nshawa zimene anasungira mbewu, pang'ono chabe, ndisadandaule. Ati anayeza ndi satifiketi ya mwana wa akatekisiti kuti ikwane bwino.

"Lili kuti pepalalo, ndilione ndi maso anga?"

Ndawauza. Zonse, kuyambira Lachiwiri. Sanaseke ngakhale pa beseni. Sanandikalipire. Ayang'ana fulemuyo nthawi yaitali, aipukuta galasi ndi nsonga ya chitenje ngakhale inalibe fumbi, kenako ayamba kuikulunganso, ngodya ndi ngodya.

"Ndikakusungira kumudzi. Kuno ingasweke."

Kuseri nkhuku zikujompha beseni lopanda kanthu.

Kenako amama akweza mutu, ati, "Nanga anthu pamaliropo anadya?"

Anadya, amama. Anadya bwino kwambiri.